Iwe, Koka Chingwe

Ulendo uno ndinauvomera chifukwa cha tsiku lobwerera. Angus, mwini boti, anati tinyamuka Lolemba, tizungulira zilumba za kumadzulo kwa Scotland, ndipo Lachinayi la sabata yachiwiri adzatitsitsa ku Oban kuti tikwere sitima yapamtunda ya ku Glasgow, "ngati mphepo ifuna." Ine ndinagwira mawu omalizawo. Loweruka lotsatira Lachinayi limenelo linali tsiku limene akuchikazi ku Dedza anaika kuti andisudzule, ndipo mumtima ndinkapempha kuti mphepo isafune.

Panali patatha chaka chimwalirireni mkazi wanga Tadala. Anadwala masabata atatu basi. Ndinaperekeza maliro kwawo, kenako ndinabwerera ku Springburn mumzinda wa Glasgow, ku ntchito yanga yojambula odwala m'chipatala. Pa mwambo wa kwawo, pakapita nthawi abale a malemu amaitana wamasiye n'kumuuza pamaso pa ankhoswe kuti ukwati watha, tsopano ndi mfulu. Poti ndili kutali, anagwirizana zochita mwambowo pa foni ya kanema, 10 koloko m'mawa ya ku Malawi, kuno ili 9.

Mwambowo sindinkauopa. Ndinkaopa Lamulungu lotsatira. Lamulungu lililonse ndinkaimbira apongozi anga, a Nachisale, monga ankachitira Tadala. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake, choncho foni yanga ndinkaigoneka patebulo kuti izipenya kudenga, iwonso yawo ankaigoneka pamkeka. Kwa chaka chathunthu ndinkalankhula ndi malata a nyumba yawo, iwo n'kumalankhula ndi getsi la m'khitchini mwanga.

"Mwaswera bwanji, a Mbewe?"

"Ndaswera bwino, kaya inu amayi?"

Tinkakamba za mvula, za mbatata, za mbuzi yawo yosamva. Dzina la Tadala sitinkalitchula, koma akaseka, ankaseka ngati iye. Ndikasudzulidwa ndidzaimba ngati ndani?

Angus ndi mkulu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo anapuma ntchito yokonza mainjini a sitima za pamadzi. Mkazi wake Morag anakhala zaka ziwiri m'nyumba yosamaliramo okalamba momwe Tadala ankagwira ntchito, ndipo anatsirizikira m'manja mwa Tadala. Pothokoza, Angus analonjeza kuti adzamutengera pa boti lake la matanga kuchilumba komwe Morag anabadwira. Tadala anagula ngakhale majombo achikasu. Itafika nyengo imene kuno amati yotentha, yomwe kwathu tikanangoti Juni wa ku Dedza, Angus anandiimbira. "Malo a Tadala akadalipo," anatero pa Chingerezi chake cha ku Glasgow, chomveka ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga.

Kulakwa kwanga kunali kukatsazika kwa ankhoswe. A Kachingwe ndi mkulu wa mpingo wathu, amayendetsa basi, ndipo ndi amene anaimira mbali yanga pa ukwati wathu. Ndinawapeza kwawo ku Sighthill, mu Glasgow momwemo. Anayang'ana kalendala ya pakhoma, kenako anandiyang'ana ine pamwamba pa magalasi.

"Mukuti mubwera Lachinayi?"

"Ngati mphepo ifuna, bambo."

"Mphepo. A Mbewe, ine munthu wofuna kupitirira siteji yake ndimamudziwa ndi kakhalidwe kake ka pampando. Boti limeneli lili ndi malo angati?"

Mayi Kachingwe anaseka ali kukhitchini. "Bambo a Rute, inu amene mumaopa ndi bafa lomwe likadzaza?"

"Ndikupita. Anthu akakhale pamkeka ku Dedza, ine nkhoswe ndiwauze kuti mkamwini wauluzika?"

Lolemba m'mawa tinakwera sitima yapamtunda ya ku Largs, komwe kunali boti, ulendo wa ola limodzi. A Kachingwe anabwera atavala suti ndi tayi, akukoka chisutikesi cha matayala. Angus atachiona padoko anagwira mutu. M'boti mulibe malo a chinthu chosapindika. Tinakhuthulira katundu m'majumbo: malaya oyera asanu osita bwino, Baibulo, buku la nyimbo, ndi botolo la tsabola. Sutikesi inatsala m'galimoto ya Angus. Ataponda pa boti, nsapato zawo za kutchalitchi zinaterereka, n'kukhala pansi mwaulemu wake wonse. Majombo a Angus anawakulira. M'chikwama changa munali majombo achikasu aja, omwe ndinanyamula osadziwa chifukwa chake. Ndinawatulutsa.

"Awa ndi a malemu," anatero chapansipansi. "Katundu sanagawidwe."

"Mwangobwereka, bambo."

Anawakwana ngati anachita kuwayeza.

Titatuluka padoko, Angus anazimitsa injini. Kunali zii kwa kamphindi. Kenako analoza a Kachingwe n'kukuwa m'Chichewa chomveka bwino: "Iwe! Koka!"

A Kachingwe anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwawo kuli mwana.

"Akunena ndani?"

"Inu, bambo. Chingwe icho."

"Ine? Iwe? Munthu wa zidzukulu ziwiri?"

"Iwe, koka!"

Anakoka. Thanga linakwera pamlongoti, linakupiza kawiri, n'kudzaza mphepo. Boti linapendekeka, madzi anayamba kulira m'mbali mwake, ndipo tinali kuyenda popanda injini, popanda utsi, popanda chotikankha chooneka. A Kachingwe anagwira chitsulo ndi manja awiri, akutchula maina a ana awo mmodzimmodzi.

Tsiku lachiwiri tinafika ku Tarbert, kadoko ka asodzi kozunguliridwa ndi nyumba. Tikumwa tiyi, ndinaganiza zomukonza Angus. Ndinamuuza kuti kwa munthu wamkulu timati "inu," pomwe "iwe" ndi wa ana. Anapukusa mutu. Anati Chichewa chake n'chochepa koma anachiphunzira kwa mphunzitsi wabwino. Tsiku lina anamva Tadala akuuza Morag, yemwe ankakana phala, kuti "Iwe Morag, idya." Atafunsa, Tadala anamuyankha kuti "inu" ndi wa munthu amene umamulemekeza ali apo iwe uli pano, koma "iwe" ndi wa munthu wa m'nyumba mwako, amene sangakuthamangitse ndipo sungamuthamangitse.

"Ndiye pa boti," anatero Angus, "palibe apo ndi pano. Kutalika kwake ndi masitepe khumi."

Atamva zimenezi, a Kachingwe anatakasa tiyi wawo.

"Mtsikana uja anali ndi pakamwa," anatero. "Ngakhale pa chinkhoswe anandikonza Chingerezi."

Ndinaseka. Kanali koyamba munthu kumutchula Tadala ine n'kuseka.

Lachitatu tinalowa mu ngalande ya Crinan, yomwe anthu akale anakumba kuti maboti asamazungulire kutali. Boti limakwera phiri ndi madzi. Limalowa m'chipinda cha miyala, mumatseka zitseko zamatabwa kumbuyo kwake, mumatsegulira madzi, boti n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka litalingana ndi madzi a kutsogolo. Zipinda zoterozo zilipo khumi ndi zisanu, ndipo zitseko zambiri mumakankha ndi msana. Ulendo woti pagalimoto ndi mphindi zochepa unatitengera masiku awiri, nthawi yambiri tikudikira kuti maboti ochokera kutsogolo adutse. Podikirapo tinadyedwa ndi tintchentche ting'onoting'ono tomwe kuno amati mijizi. Udzudzu umayamba waimba, umakuchenjeza. Iti timangofika chamtambo n'kulowa m'makutu ndi m'tsitsi. A Kachingwe anavala jumbo kumutu, ataboola pa maso, tayi ili pakhosi.

M'zipinda zonsezo tinkalowa limodzi ndi boti la banja lina la ku Norway, bambo ndi mayi aimvi. Anagulitsa nyumba zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo chiyambire amakhala pa boti. Anawoloka nyanja yaikulu kawiri. Mayiyo ankalima anyezi m'jombo lakale lomangirira kumbuyo, ndipo zovala ankayanika pazingwe za matanga. A Kachingwe anawafunsa mafunso a mkulu wa mpingo.

"Kwanu kwenikweni ndi kuti?"

"Pomwe taponya nangula."

"Nanga maliro akachitika kwanu mumamva bwanji?"

"Mochedwa," anayankha mayiyo. Anati achemwali ake anamwalira iwo ali pakati pa nyanja, anamva patatha masabata atatu.

A Kachingwe anatembenukira kwa ine. "Mwamva? Mapeto a zouluzika ndi amenewo." Komabe posiyana anawagawira tsabola m'kabotolo, iwo n'kutipatsa anyezi awiri.

Titatuluka mu ngalandemo tinadikiranso theka la tsiku. Angus anatulutsa kabuku kosonyeza nthawi yomwe nyanja imadzaza ndi kuphwa. Anati pakati pa zilumba madzi amathamanga ngati mtsinje, ukapita nthawi yolakwika umabwerera chammbuyo matanga ali odzaza.

"Ndiye kuti nyanja ili ndi ndandanda wa nthawi?" anafunsa a Kachingwe. "Ndipo imasunga?"

"Siinachedwepo."

Kuyambira pamenepo anayamba kuilemekeza nyanja ngati mnzawo wa pantchito.

Ine ndinaphunzira kusambira ku koleji, ndipo ndinkayembekezera kuti ndizisamalira ankhoswe. Mafunde enieni atayamba, amene anagwada m'mbali mwa boti n'kubweza phala lonse la m'mawa ndinali ine. Angus, posowa wina, anaika a Kachingwe pachiwongolero. Poyamba anachigwira ngati njoka. Patatha ola limodzi anali atavula jekete, akuwongolera ndi dzanja limodzi.

"A Mbewe, dzukani muone! Palibe maloboti, palibe wapanjinga, palibe woledzera wofuna kutsika pakati pa msewu. Ndinataya zaka zanga ine!"

Anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi ndi besi yake yonse. Madolofini atatu, nyama za m'nyanja zonga nsomba zikuluzikulu, anatulukira pambali, akudumpha molingana ndi boti. A Kachingwe anati abwera chifukwa cha nyimboyo. Sindinatsutse, pakamwa panali potanganidwa.

Ku Oban tinangogula buledi, mazira ndi gasi wophikira. Loweruka tinafika ku Tobermory pa chilumba cha Mull, komwe nyumba za m'mbali mwa doko anazipaka mitundu ngati nsalu zoyanika. Moyo wa anthu a maboti akafika kumtunda ndi umodzi kulikonse: kusamba, kuchapa, kutunga madzi, kufunsana za mphepo. Bafa la padoko limatulutsa madzi otentha ukaponya kandalama, ndipo nthawi ikatha limangoleka osatsazika. Ndili panja ndinamva mawu kuchokera m'kati.

"A Mbewe! Madzi apita. Ndili ndi sopo m'maso."

"Ponyani ina, bambo."

"Ili m'thalauza. Thalauza ili kwa inu."

Atatuluka tinagula nsomba ndi tchipisi n'kukhala pakhoma la doko. A Kachingwe anatseka maso kuti adalitse chakudya. Pemphero lawo silikhala lalifupi. Mbalame yoyera ya kunyanja inatsika n'kunyamula nsomba yonse.

"Iwe!" anakuwa, akuithamangitsa ndi majombo achikasu. "Iwe, wakuba iwe!"

"Waona?" anatero Angus kwa ine. "Mkuluyu wapeza wachibale."

Lamulungu masana ndinaimbira apongozi. Foni ndinaigoneka pabenchi ya panja pa boti. Malata aja anaoneka.

"Mwaswera bwanji, a Mbewe? Koma denga lanu lapita kuti? Ndikuona mitambo ndi chimtengo."

Ndinawafotokozera kuti ndili pa boti, ndi ankhoswe, ndi mzungu uja mkazi wake ankasamalidwa ndi mwana wawo.

"Pamadzi? A Kachingwe avomera zimenezo?"

"Ndi amene akuyendetsa, amayi."

Anaseka kuseka kuja. Kenako anati, "Loweruka mudzakhalapo? Amalume a malemu achoka ku Lilongwe Lachisanu. Chimera cha thobwa ndayanika kale."

"Ngati mphe..."

A Kachingwe anatsokomola kumbuyo kwanga.

"Ndidzakhalapo, amayi."

Lolemba tinazungulira nsonga ya Ardnamurchan, pomwe mtunda umathera, ndipo madzulo dzuwa likadali m'mwamba tinaponya nangula pa chilumba cha kwa Morag. Dzina lake ndi la chinenero chakale cha kuzilumbako. Ndayesa kulilemba katatu ndipo katatu konse Angus wati ndalakwitsa, choncho ndingoti kwa Morag. Kuli nyumba zowerengeka, nkhosa zochuluka kuposa anthu, tchalitchi chimodzi, ndi sitolo yopanda wogulitsa. Umatenga chomwe ukufuna n'kuponya ndalama m'chitini. A Kachingwe anaima pakhomo pa sitoloyo nthawi yaitali, akuyang'ana uku ndi uku.

"Kamera ili pati?"

"Palibe."

"Anthu awa ndi a mpingo uti?"

Tinkayenera kunyamuka Lachitatu. Lachiwiri masana wailesi ya m'boti inalengeza namondwe. Angus anawonjezera nangula wachiwiri n'kunena kuti sitisuntha mpaka Lamulungu. Sitima yomwe imabweretsa katundu pachilumbapo nayonso inaimitsidwa ndi mphepo yomweyo. Padoko foni sinkagwira ngakhale pang'ono. Pemphero langa linali litayankhidwa lonse, popanda chotsala.

Tinasamukira kumtunda, kwa Ishbel, mkulu wake wa Morag, mayi wamfupi wa ndodo ndi mawu akuthwa. Angus asanakhale n'komwe pansi, anamulozera jenereta yomwe inkatsokomola, chitseko cha khola, ndi mpopi wodontha. Anamukalipira chifukwa cha tsitsi losameta, kenako anamuikira msuzi wa nkhosa wodzaza mbale. Ndinamufunsa Angus ngati kuno sasudzula. Sanamve, ndiye ndinafotokoza mwambo wonse. Ishbel anamvetsera mutu uli chopendekeka.

"Kumumasula ameneyu? Nanga jenereta azikonza ndani?"

Masiku amenewo anali okoma, sindingabise. Tinathandiza kutsitsa nkhosa m'phiri mvula ikutimenya chammbali. Ndinaphunzira kusenda nkhanu zikuluzikulu zomwe mnansi wa Ishbel anabweretsa m'ndowa. Tsabola wa a Kachingwe anayenda nyumba zitatu, ndipo mkulu wina anabwera akulira misozi kudzapempha wina. Angus anatitengera kumanda. Anazula udzu pamanda a Morag, akumuuza za mtengo wa utoto wa boti ngati ali pakhonde.

Lachitatu, tili awiri m'khitchini, Ishbel anandiuza kuti netiweki imapezeka malo amodzi okha pachilumba chonse: pamwamba pa phiri la kuseri kwa manda, pa mwala woimirira, ukakweza foni m'mwamba n'kuyang'ana kum'mawa. Ndinathokoza. Sindinauze munthu.

A Kachingwe sankafunsa eni dera, chifukwa dalaivala wa zaka zambiri safunsa njira. Lachinayi lonse anayenda m'mbali mwa nyanja foni ili m'mwamba. Lachisanu anapita mbali ina. Ndinkawaona pawindo, kadontho kachikasu m'munsi, kakuda pamwamba, akukwera pamiyala ndi kutsika. Cha m'ma 3 koloko anabwera atanyowa mpaka tayi. Anakhala pampando pafupi ndi chitseko, madzi akudontha pansi.

"Ndalephera, a Mbewe," anatero. "Mwambo tingathe kuusuntha, amalume akwiya koma adzabweranso. Chikundiwawa ndi amayi aja. Akudziwa kuti muli pamadzi. Mawa akhala pamkeka kuyang'ana foni yosalira. Munthu amene analandirapo kale uthenga wa kuno aganiza chiyani?"

Uthenga umenewo ndinaimba ndine, chaka chathacho, ndili m'khonde la chipatala. Ndikukumbukira kuti foni inangoitana kamodzi iwo n'kuyankha, chifukwa anali ataigwira m'manja kuyambira m'mawa.

"Bambo," ndinatero, "netiweki ili paphiri la kuseri kwa manda. Ndinauzidwa Lachitatu."

Anavula jombo limodzi, anatsegula chitseko, n'kukhuthulira madzi panja. Anavula linalo, n'kuchita chimodzimodzi.

"Masiku awiri ndikuzungulira ngati wosaka mbewa, inu muli pawindo."

"Pepani, bambo."

"Mukuopa chiyani kwenikweni?"

"Lamulungu."

Anapita kuchipinda n'kubwera ndi malaya oyera omaliza, osita ku Sighthill.

"Mawa 8 koloko. Muvale awa. Tayi ndikubwerekani."

Loweruka mvula inali italeka koma mphepo inali ikadalipo. Tinakwera anthu anayi, Ishbel ali patsogolo ndi ndodo yake ndi fulasiki ya tiyi. Pamwala paja foni inanjenjemera, mauthenga a masiku anayi akulowa motsatizana. Itakwana 9 ndinaimba. Inaitana kamodzi.

Ndinafuna kuigoneka pamwala monga mwa nthawi zonse, koma ikangotsika netiweki inkathawa. Choncho a Kachingwe anainyamula pamwamba pa mutu ndi manja awiri, ikupenya kumwamba. Angus ndi Ishbel anatambasula kathanga kakang'ono kumbuyo kwathu kuti katchinge mphepo. Ine ndinagwada pa udzu wonyowa.

Amalume a Tadala analankhula bwino, mosathamanga. Anati ndinalowa m'banja lawo ndi ulemu, ndinasamala mwana wawo ali moyo, ndinamubweretsa kwawo atamwalira, ndipo alibe nane mlandu. Nkhosa ina inalira pafupi ndi ife.

"Mbuzi imeneyo ndi yanu kapena yathu?" anafunsa amalume.

"Ndi ya kuno, ndipo ndi nkhosa," anakuwa a Kachingwe, manja ali m'mwamba. "Pitirizani, mikono ikutha!"

Kumeneko anthu anaseka. Amalume anamaliza: "A Mbewe, kuyambira lero ndinu mfulu. Pitani ndi mtendere. Mukapeza wina, ife sitidzakuyang'anani ndi diso loipa." A Kachingwe anayankha mawu a ankhoswe. Ine ndinawomba m'manja katatu n'kunena kuti ndamva, zikomo. Zinatha mofulumira kuposa kudutsa chipinda chimodzi cha ngalande ija. Ndinayamba kudzuka, maondo atanyowa.

"Tandipatsani foniyo," anatero mawu omwe ndinkawadziwa. "A Kachingwe, mikono ipume. Itsitseni, muitembenuze."

"Itembenukire kuti, mayi?"

"Kwa iyeyo."

A Kachingwe anaitsitsa mpaka pamphumi pawo, pomwe netiweki inkagwirabe, n'kuilozetsa kwa ine. Malata aja anagwedezeka, anachoka, ndipo panabwera nkhope. Ndinali nditawaonapo pa ukwati ndi pamaliro, koma chapatali, maso anga ali pansi. Sindinkadziwa kuti mpata wa pakati pa mano uja Tadala anautenga kwa iwo.

Anayandikitsa foni, akutsinzinira.

"Iwe Yamikani," anatero. "Wawonda chonchi bwanji? Sukudya?"

Sanali atanditchulapo dzina.

"Mkamwini wanga ndamumasula, wapita, ayende bwino. Chaka chonse ndimafuna ndione ngati ukudya, koma mkamwini sayang'anidwa. Ndiye ndinawauza amalume ako kuti fulumirani nazo izi. Tsopano ndakuona. Khosi ngati la nkhuku yodwala. Tayi imeneyo ndi yako?"

"Ndi ya ankhoswe, amayi."

"Ikuoneka. Mawa ndi Lamulungu. Uimbe. Ndipo getsi lako lija sindikufunanso kuliona, lili ndi kangaude."

Angus sanamve chilichonse kupatula mawu amodzi. Anasiya ngodya ya thanga n'kundigunda paphewa. "Wati iwe," anatero. Thanga linauluka n'kukakuta Ishbel ndi fulasiki yake, ndipo zomwe Ishbel ananena m'kati mwa thangamo Angus anakana kumasulira.

Lamulungu kunacha kuli bata, kamphepo kakuchokera kumadzulo. Ishbel anatiperekeza mpaka kumapeto kwa doko, anatipatsa mazira ndi mndandanda wa zomwe Angus adzakonze chaka chamawa. Botolo la tsabola linatsala pachilumba. Masana, tikuyandikira Mull, foni inagwira. Ndinaimba nditaigwira m'manja, ikundipenya.

"Wadya?" Moni wawo anali ameneyo.

"Ndadya, amayi. Mazira atatu."

"Ndionetse botilo."

Ndinawaonetsa mlongoti, matanga, ndi a Kachingwe ali pachiwongolero, malaya atapinda manja.

"Majombo amenewo si a Tadala? Ananditumizira chithunzi atagula."

A Kachingwe anayang'ana mapazi awo. "Ndinangobwereka, mayi."

"Asungeni. Akukhalani kuposa suti."

Kutsogolo kunali nsonga ya miyala, ndipo boti linkayenera kutembenuka. Angus anamasula chingwe cha mbali yake, thanga linayamba kukupiza, ndipo anandiloza.

"Iwe! Koka!"

"Akuitana iwe," anatero amayi. "Pita ukakoke. Ndikudikira."